Jekete la a Morisi

Ndi Tadala uyu wandiumiriza. Chiyambire tsiku lija tinkakonza m'chipinda mwanga n'kupeza chikhothi changa chobiriwira chija, mwanayu sanandipumitse. Akuti, "Agogo, chinthu chonunkha chonchi mukuchisungiranji, titaye." Ine n'kukana. Ndiye lero wabwera ndi foni yake, waitsamiritsa pa botolo la shuga, akuti ndiziyankhula izijambula. Chabwino. Khalani pansi nonse. Iwe Yamikani, chotsa timawaya ito m'makutumo. Ndipo ukafuna kufunsa ufunse m'Chichewa, Chingerezi chanu cha kunochi mumameza mawu theka, ine ndimangomva phokoso.

Inu ana mwandidziwira kuno ku Springburn, koma ine ndi agogo anu aamuna titangofika tinkakhala ku Govanhill, m'nyumba zosanja zija za miyala yofiira. Masitepe ake amwala, ozizira, okumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu amene anafa kalekale. Ife tinali pamwamba penipeni. Khomo loyang'anana ndi lathu linali la a Morisi ndi akazi awo a Rute, ndipo pansi, kumsewu, anali ndi kashopu kosokeramo zovala.

Tsiku loyamba kudutsa pa shopupo ndinaima ngati wogwidwa mwendo. Pa windo panali makina osokera akuda, opalasa ndi phazi, enieni aja anali nawo malume anga pakhonde la sitolo ku Ntcheu. Inu simungawadziwe. Lero chovala chikang'ambika pang'ono mumataya, mwadina foni, mawa china chafika pakhomo. Ife diresi inali imodzi pachaka, ya Khirisimasi. Malume ankatiyeza ndi chingwe n'kumanga mfundo, ndipo ankasoka yaikulu dala kuti ukuliremo. Akamaliza ankasita ndi simbi ya makala, uku akuuzira phulusa, ndipo kamoto kakagwera pa nsalu ankasokapo kaduwa n'kukuuza kuti ndi fasho ya ku Limbe. Eee, malume amenewo. Anafa ndi chifuwa, ine ndili kuno, sindinakaike n'komwe.

Ndinali pati? Pa makina. A Morisi anatuluka n'kundipeza ndikuyang'ana. Kamunthu kafupi, magalasi ali pamphuno, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Munthu ameneyo ankayankhula mapini ali kukamwa osameza ndi imodzi yomwe. Ndi Chingerezi changa cha Sitandade 5 ndinawauza kuti kwathu aliko makina otere. Anaseka, n'kundiuza kuti amenewo anapangidwa konkuno, kufupi ndi mtsinje, ndipo anali a bambo awo. Akuti, "Ndiye kuti makinawa ndi a malume anuwo ndi pachibale." Kuyambira pamenepo anandikakamiza ndiwaphunzitse moni wa kwathu, ndipo anagwira umodzi wokha. M'mawa, masana, madzulo, iwo ndi "Mwadzuka bwanji" basi.

Anali Ayuda. Musaseke, ine ndinkayesa Ayuda anathera m'Baibulo. Lachisanu dzuwa lisanalowe ankatseka shopu, a Rute n'kuyatsa makandulo awiri, pa tebulo pali buledi woluka ngati tsitsi. Loweruka osagwira ntchito iliyonse. Anzawo ambiri anali atasamukira kale kunja kwa tauni, kwa nyumba za kapinga, iwo anatsalira shopuyo. Mwana analibe. A Rute anali aatali, owonda, osaseka wamba. Zaka ziwiri zoyamba ndinkawaopa. Kenako tinazolowerana, iwo kundipatsa buledi wawo uja, ine kuwapatsa zitumbuwa, ngakhale ndinadzamva mochedwa kuti zitumbuwazo ankadya ndi a Morisi okha, mobisa, kumbuyo kwa shopu.

Agogo anu aamuna anamwalira m'nyengo yozizira, atagona m'chipatala miyezi itatu. Mawu awo omaliza omveka anali akuti, "Nachisale, usandisiye kuno." Ankafuna kukagona ku Ntcheu pafupi ndi mayi awo. Koma kunyamula mtembo pa ndege, ana inu, si masewera. A Malawi anzathu anasonkha, a kumpingo, ana asukulu a ku yunivesite, aliyense kangachepe, ndipo a Mbewe, mkulu wa mpingo uja mumamudziwa wa ndodo, anawerenga mayina onse m'kabuku kawo monga mwa mwambo. Koma sizinakwane. Ndinkayenda m'maofesi mvula ili pamutu, ndipo chikhothi chobiriwiracho thumba lake linabooka, makiyi ankagwera m'kati. Ndinachisiya kwa a Morisi kuti asoke.

Nditakachitenga n'kupisa dzanja m'thumba, ndinapeza envulopu. Yopanda dzina, yopanda kalata. Ndinatsika masitepe aja ndikuthamanga. Ndikuti, "Bambo Morisi, mwaiwala ndalama zanu m'chovala changa." Iwo osadzutsa mutu n'komwe, mapini ali kukamwa, akuti, "Mayi, ine ntchito yanga ndi kusoka matumba, osati kusuzumiramo. Za m'thumba mwanu ndi zanu." A Rute anali pa makina ena kumbuyo, anangopitiriza kupalasa ngati sakumva. Ndinaima pamenepo mpaka kasitomala analowa. Agogo anu anapita kwawo ndi ndalama zimenezo. Sindinauze munthu, ngakhale amayi anu.

Zaka zinadutsa, sindiwerenga bwino, amayi ako Tadala anali atakwatiwa kale. Linali Lachinayi m'mawa, ine ndikuchokera ku shifiti kumene ndinkasamalira okalamba. Ndinakumana ndi a Morisi pansi pa masitepe, makiyi a shopu ali m'manja. Akuti, "Mwadzuka bwanji." Ndisanayankhe, anakhala pansi pa sitepe ngati munthu wofuna kumanga nsapato. Makiyi aja gwee. Ndinakuwa, ndinakuwa m'Chichewa, Chingerezi chonse chinathawa. A ambulansi atafika anawavula jekete n'kuliponyera pambali kuti awasindikize pachifuwa. Ine ndinalitola. A Rute anakwera nawo ambulansi atavala masilipasi. Pofika kuchipatala munthu anali atapita kale. Jekete lija ndinakalipachika kuseri kwa chitseko changa, ndipo m'chipwirikiticho ndinaliiwala.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza a Rute m'khitchini mwawo, tiyi atazizira m'kapu. Tsiku limenelo anandiuza zambiri kuposa zaka zonse zija. Kwawo munthu akafa amaikidwa msanga, mawa lake lomwe, koma poti imfa inali yadzidzidzi, madokotala anagwira thupi kuti aliyeze mpaka Lolemba. Chimenecho chinkawapweteka, kuti mwamuna wawo ali yekha m'firiji. Kuwotcha mtembo, monga achitira ambiri kuno kuti zitchipe, kwa iwo n'kosatheka. A Morisi ankayenera kukagona kumanda a Ayuda, pafupi ndi makolo awo. Tsono Ayudawo ali ndi gulu lawo la maliro limene amasonkhako chaka ndi chaka, ndipo a Rute anali atangomva kumene kuti amuna awo anasiya kusonkha kalekale, bizinesi itayamba kuvuta, osawauza. A gululo sanawakane ayi. Anati adzaika maliro, ndipo ngati ndalama zavuta a Rute angonena.

"Ndiye kanenenitu," ndinatero ine.

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti Morisi wasoka zaka makumi anayi n'kulephera kudzigulira dzenje? Alamu anga akamve zimenezo?" Anapukusa mutu. "Ndaimbira munthu wogula makina. Abwera Lolemba m'mawa. Atenga onse atatu."

"Nanga inu muzidzadya chiyani?"

Mayi wamkulu kale, wopanda mwana, chimene ankadziwa ndi kusoka basi. Makina akapita, ndiye kuti shopu yapita, nyumba yapita, iwonso apita.

Ine mutu unathamanga mwa Chimalawi. Ndinaimbira a Mbewe. Uthenga unayenda, ku Shawlands, kuno ku Springburn, kwa ana asukulu. Anthu ambiri ankawadziwa a Morisi, masuti a maukwati athu onse ankafupikitsa ndi iwo. Mayi wina, sinditchula dzina poti ana ake mumacheza nawo, anandifunsa pa foni kuti, "Koma amayi, Ayuda si anthu a ndalama?" Ndinati, "Bwerani mudzaone ndowa imene amatchera kudenga m'khitchini mwawo, mudzawerengemo ndalamazo." Anapereka, koma mokhumudwa.

Tinagwirizana kupita Loweruka masana, poti ndi pamene ambiri sali ku shifiti. Mwaona kupusa kwanga? Zaka zonse zija ndikuona shopu yotseka Loweruka, koma sizinandibwerere. Tinakwera masitepe gulu, amayi titamanga zitenje pamwamba pa majuzi, wina atanyamula nkhata ya maluwa, a Mbewe patsogolo atavala suti, kabuku kali m'khwapa. Ine mtima uli m'malo, ndikuti lero a Rute aona kuti ali ndi abale.

M'nyumbamo munali anthu awo angapo, atakhala chete. Pampando wabwino panali alamu awo aja, mkazi wa akulu awo a malemu, mayi wa ndolo zonyezimira wochokera ku nyumba za kapinga zija. Ife tinakhala pansi pa kapeti monga pa siwa. A Mbewe anaimirira, anakonza kukhosi, n'kupepesa bwinobwino m'Chingerezi chawo cha ku koleji. Mpaka pamenepo zinali bwino. Kenako anatsegula kabuku.

Ndikuuzeni kaye, poti inu mwakulira kuno. Kwathu chipepeso chimalengezedwa. Uje wapereka zakuti, mpingo wakuti zakuti, ngakhale amene wabweretsa nkhuni mtolo umodzi amatchulidwa. Si kudzitama ayi. N'kuti pasapezeke wonena kuti ndalama zadyedwa, komanso kuti anamfedwa adziwe amene anawagwira dzanja, tsiku lawo likadzafika adzabweze. Ndi mwambo wabwino, ndipo ine ndimaukonda mpaka lero.

A Mbewe anawerenga. Dzina, ndalama. Dzina, ndalama. Ana asukulu ndi tindalama tawo. Ine ndinkagwedeza mutu pa dzina lililonse. Nditatembenuka kuyang'ana a Rute, ndinaona nkhope yawo yayera ngati pepala, maso ali pansi, manja akufinya siketi. A Mbewe anamaliza ndi mawu akuti izi n'zothandizira kugula manda poti tamva kuti zavuta, n'kuika envulopu pa tebulo. Palibe anaigwira.

Amene anayamba kuyankhula ndi alamu aja. Motsitsa mawu, koma tonse tinamva. "Rute, sunatiuze kuti zafika popemphetsa kwa anthu a pa masitepe."

A Rute anadzuka. Sanayang'ane a Mbewe, sanayang'ane alamu awo, anayang'ana ine. "Nachisale, lero ndi Sabata, ndalama sitigwira. Koma ngakhale likanakhala Lolemba. Zimene ndinakuuza m'khitchini mwanga, unazitenga n'kukaziyanika mumsewu? Chotsa ichi pa tebulo langa."

Ndinakwawa ndi maondo, ana inu, pamaso pa anthu onse, n'kukaitenga envulopu ija. Nkhata ya maluwa nayo tinatuluka nayo, poti Ayuda maluwa pamaliro saika. Pa masitepe a Mbewe anandikalipira. "Mayi Nachisale, mwatiyalutsa. Anthu ataya shifiti, akwera mabasi awiri. Sungani zimenezo, mawa tikaweruka kutchalitchi aliyense atenge zake."

Ndinalowa m'nyumba mwanga, n'kutseka chitseko, n'kutsamira pomwepo ndikulira. Sindinkalira manyazi okha. Ndinkalira kuti Lolemba likubwera, makina apita, ndipo ndine ndatseka njira yomwe inatsala, chifukwa tsopano a Rute sakanalandira kanthu kwa munthu aliyense, alamu awo atamva zija. Ndikupukuta maso, chinthu chinandikhudza patsaya. Jekete la a Morisi, lili pa msomali umodzi ndi chikhothi changa chobiriwira. Linkanunkhabe mafuta a makina.

Lamulungu titaweruka, tili m'kaholo komwera tiyi, ndinapempha kuyankhula. Ndinawafunsa a Mbewe ngati akukumbuka kuti pa maliro a amuna anga chipepeso chinaperewera. Akuti akukumbuka. "Munandifunsa kuti zotsalazo zachokera kuti, ine ndinati Mulungu wapereka. Sindinaname, koma Mulunguyo anadzera m'shopu ya telala." Ndinawafotokozera zonse, za thumba, za mapini kukamwa. Ndiye ndinati, "Ndikupempha zinthu ziwiri. Ndalamazi musatenge. Ndipo tsamba limene mwalembapo mayina ling'ambidwe."

A Mbewe anagwira kabuku kawo ndi manja awiri. "Amayi, kabuku aka sikanang'ambidwepo chiyambire. Muli maliro onse a anthu athu muno. Nanga popanda mayina, mayiyo adzadziwa bwanji woti adzamubwezere?"

"Abambo, iwo anapereka kale. Obweza ndife."

"Nanga anthu akadzati Mbewe wadya ndalama?"

"Adzati wadya ndi Nachisale. Ine ndazolowera kunenedwa."

Ena anaseka pang'ono. Bambo mmodzi anati iye ndalama yake siyenda mumdima, anatenga zake n'kutuluka, ndipo sindimuda, anali ndi ana anayi. Mayi uja wa pa foni ndi amene anandidabwitsa. Anati, "Ang'ambe basi, tachedwa, ena tili ndi shifiti." A Mbewe anang'amba tsambalo pang'onopang'ono ngati akudzisenda khungu, n'kundipatsa. Akuti, "Mukalitaye nokha, ine sindingathe."

Lolemba m'mawa ndinachotsa ndalama mu envulopu ya mpingo ija, poti inali ndi chidindo, n'kuzikulunga m'kapepala wamba. Ndinaziika m'thumba la m'kati la jekete, n'kumanga batani. Ndinagogoda. Anatsegula pang'ono, tcheni chili chokoleka.

"Sindinabwere kudzayankhula," ndinatero. "Ndabweretsa jekete la abambo. Linatsala kwa ine tsiku lija."

Anachotsa tcheni. Analilandira ndi manja awiri, n'kuliika kumaso, n'kukhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Ndiye polikumbatira pachifuwa anamva chinthu cholimba. Telala sasowa thumba. Anamasula batani, anasuzumira, n'kundiyang'ana ndi maso aja ndinkawaopa kale.

"Morisi analibe ndalama zotere."

"Kaya," ndinatero ine. "Ine ntchito yanga inali kusunga jekete, osati kusuzumira m'matumba. Za m'thumba mwawo ndi zawo."

Ndinaona kuti awazindikira mawuwo. Paja tsiku lija anali pa makina kumbuyo. Sindinadziwe ngati andiponyera jeketelo kumaso kapena ayi. Tili chiimire choncho, pansi panalira hutala, kenako belu. Munthu wa makina uja, wafika ndi galimoto lake. Belu linalira kachiwiri. Kachitatu. A Rute akungoyang'ana jekete.

Kenako anati, "Miyendo yanga siitha masitepe lero. Tsika ukamuuze bambo ameneyo kuti wabwera pachabe. Amuna anga anasiya kanthu m'thumba."

Ndinatsika masitepe amenewo ngati mtsikana.

A Morisi tinawaika Lachiwiri, mvula ikuwaza. Bokosi lamatabwa wamba, lopanda chogwirira chonyezimira, lopanda duwa ndi limodzi lomwe. Sanaimbe monga timaimbira ife, bambo wina ankangowerenga m'chinenero chawo ndi mawu olira. Koma chimene chinandikumbutsa kwathu n'chakuti manda anakwirira okha, ndi fosholo, mmodzimmodzi, osasiyira aganyu. A Mbewe anabwera, opanda kabuku, anaima kumbuyo. Nkhalamba ina inawapatsa fosholo, nawonso anaponya dothi. Alamu aja anafunsa a Rute pachipata kuti zatheka bwanji, iwo anangoti, "Morisi anakonzeratu." Ndalama zimene zinatsala a Rute anamaliza kulipira okha pang'onopang'ono, ndi makina omwe aja.

Potuluka kumanda amasamba m'manja pa mpopi. Ndili kusamba, a Rute anaima pambali panga, osandiyang'ana. Anati, "Ukudziwa, nsalu yoyera imene timawaveka akufa ilibe matumba. Telala wagona m'chovala chopanda thumba." Anapukuta manja. "N'chifukwa chake anasiya zonse m'jekete."

Nkhani imeneyi sitinaikambenso mpaka imfa yawo. Zikomo sananene, ndipo sindinkamufuna. Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinabwerera mwakale. Tiyi tinkamwa, buledi ankandipatsa, koma za mumtima mwawo sanandiuzenso ngakhale kamodzi. Khomo limene linatseguka Lachisanu lija m'khitchini ndinalitseka ndekha ndi pakamwa panga, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Anasoka zaka zina zingapo, kufikira maso atafooka. Anamwalira m'nyumba yosungira okalamba, ndipo agona pambali pa amuna awo. Pa shopu paja pano amakonza mafoni. Ndikadutsa pa basi ndimayang'ana kumbali. Kumandako ndinkapita chaka chilichonse kukaika kamwala pa chiliza, poti Ayuda amaika timiyala, koma miyendo iyi yakana.

Yamikani, ukuyang'ana chikhothicho? Pisa dzanja m'thumba lamanja. Ukumva msokowo? Zaka zonsezi sunamasuke. Mulibe kanthu, usavutike kufufuza, wakuba iwe.

Tsono mverani. Tsiku langa likadzafika, kabuku kadzawerengedwe, mayina onse, ndine Mmalawi ine. Koma mukadzapeza envulopu yopanda dzina, musadzayende khomo ndi khomo kufunsa mwini wake. Ndipo mnzanu akadzakuuzani mavuto ake m'khitchini, mudzayambe mwafunsa mmene kwawo amalandirira thandizo, musanaitane gulu. Chikhothichi musadzataye. Tadala, zimitsa foniyo, koma zimene wajambulazi usazisunge wekha. Utumize kwa asuweni ako ku Ntcheu, amene amalima pafupi ndi manda a agogo awo osadziwa kuti anafikako bwanji. Uwauze kuti nawonso adzauze ana awo, ndipo dzinalo alitchule bwino: a Morisi, atelala a ku Govanhill.